Chipwitikizi cha Mnzanga ndi Sayansi ya M'njira

Tinkakhala m'malaini a esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri, kamtunda ndithu kuchokera pa Chitakale. Nyumba zonse zinali zofanana, za zipinda ziwiri, moti mlendo ankasochera akapanda kuloweza mtengo wa mapeyala umene unali pakhomo pathu. Abambo ankagwira ntchito mufakitale, kumene masamba a tiyi amafotetsedwa, ndipo akamaweruka malaya awo ankamveka fungo la udzu wonyowa. Amayi ankathyola tiyi nthawi ya dzinja, masamba akachuluka. Awiriwo ankayankhulana Chilomwe, ife ana n'kumatiyankhula Chichewa, koma tikawalakwira ankabwerera ku Chilomwe. Chotero Chilomwe chimene ine ndinkachidziwa bwino chinali chokalipira.

Nditasankhidwa kupita kusekondale yoyendera, kuwerenga kwanga kunali kumodzi basi: kuloweza. Ndinkakopera zonse za pabolodi, kunyumba n'kumazibwereza mokweza ngati katekisimu mpaka zitakhazikika. M'maphunziro ena njirayi inkandipulumutsa. Sayansi yokha ndiyo inkandikana. Ndinkatha kunena pamtima tanthauzo la asidi m'Chingerezi osaphonya liwu, koma munthu akanandipatsa asidiyo m'kapu, ndikanamwa n'kuthokoza.

Tili Fomu 2, m'kalasi mwathu munabwera mtsikana wachilendo. Anali wamtali kutiposa tonse, wometa tsitsi mpala, atavala siketi ya mtundu wa sukulu ina. Anachokera ku Milange, kutsidya kwa malire. Bambo ake anali atamwalira, ndipo amalume ake, amene ankayendetsa thalakitala pa esiteti yathu, anamutenga kuti adzaphunzire kuno. Chichewa ankachiyankhula, cholemera ndi kalankhulidwe ka Chilomwe ngati ka amayi anga. Koma sukulu yake yonse anaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chake chinkathera pa moni. Ahedi anamubweza kalasi. Anamukhazika pa desiki yanga chifukwa ndi pokhapo panali malo.

Pasukulupo panali lamulo loti tiziyankhula Chingerezi chokhachokha. Wopezeka akuyankhula Chichewa ankamuveka chigoba cha nkhono chomangidwa pa chingwe, ndipo amene belu loweruka lamupeza nacho m'khosi ankatsala kutchetcha udzu. Sabata yake yoyamba, nthawi ya buleki, mtsikanayo anandinong'oneza m'Chichewa kuti ndimusonyeze kumjigo. Pulifekiti wina, mnyamata wokonda udindo wake kwambiri, anali kumbuyo kwathu. Anatulukira atatambasula kale chingwe.

Mtsikanayo sanathawe. Anatembenuka, namuyang'ana m'maso, n'kuyamba kumukhuthulira Chipwitikizi. Anayankhula nthawi yaitali, manja akuthandizira, osapuma. Mnyamata uja anangoima kukamwa yasaa, chigoba chili lendelende m'manja. Ana anasonkhana. Nkhani inakafika kwa aphunzitsi a pa dyute, amene tsikulo anali amadamu a sayansi.

Amadamuwo anali aafupi, oyenda mofulumira, ndipo choko sichinkawachoka m'zala ngakhale pa tchalitchi. Anamvetsera mbali zonse ziwiri, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Lamulo likutchula Chichewa, Chilomwe ndi Chiyao," anamuuza pulifekiti uja. "Chipwitikizi mulibemo. Pita nacho chigoba chakocho." Atatero anatembenukira kwa mtsikanayo n'kumufunsa m'Chichewa, poyera, ana onse akumva: "Iwe, madzi mumati chiyani kwanuko?"

"Agwa, madamu."

"Usaiwale. Tidzawafuna mawu amenewo."

Patapita masiku anawafunadi. Pabolodi ankakonda kulemba zilembo ziwiri, a ndi q, pambali pa dzina la mankhwala, ndipo ine ndinkangozikopera osadziwa ntchito yake. Tsikulo anaimiritsa mnzanga uja kuti atchulenso madzi m'Chipwitikizi, natiuza kuti zilembozo n'chidule cha liwu lakale lotanthauza madzi, kholo la liwu limene iye watchula. Zinkangonena kuti chinthucho chasungunulidwa m'madzi. Ndinayang'ana m'kope mwanga. Zilembozo zinali paliponse, tsamba ndi tsamba, ndipo nthawi yonseyo zinkangoti madzi.

Labotale pasukulupo panalibe. Panali kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, momwe munali mabotolo ouma ndi sikelo yothyoka. Amadamu ankabwera ndi labotale yawo m'basiketi kuchokera kunyumba. Tsiku lina anatulutsa ketulo ya tiyi wopanda mkaka ndi shuga, matambula agalasi, mandimu, ndi botolo la chidulo, madzi aphulusa aja amayi amaphikira therere. Anathira tiyi m'matambula. M'tambula ina anafinyiramo ndimu, tiyi uja n'kuyera mbee, kutsala wofiirira pang'ono ngati uchi. Mu ina anathiramo chidulo, tiyi n'kuda bii.

Tonse tinali ana a tiyi. Makolo athu ankamuthyola, kumufotetsa, kumunyamula pamsana. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti tiyi amatha kuulula chimene chabisala m'madzi. Amadamu anafunsa m'Chingerezi kuti mu ndimu muli chiyani chimene chasintha mtundu wa tiyi. Pambali panga ndinamva kunong'ona: "Asidu."

"Wanena ndani?" anafunsa amadamu. "Nena mokweza."

Mnzanga anaimirira, nanenanso. Anyamata a kumbuyo anaseka katchulidwe kake, koma amadamu anawadula ndi diso. Anamuuza kuti mawu ambiri a sayansi ali nawo kale m'mutu, angovala malaya ena, ndipo chimene chikumusowa ndi timawu ting'onoting'ono tolumikizira. Kenako anandiloza ine. "Uyu timawuto ali nato tambiri, koma sadziwa choti alumikize. Muzipita limodzi kunyumba."

Umu ndi mmene inayambira sukulu yathu ya m'njira. Kuchokera kumalaini kukafika kusukulu tinkadutsa m'minda ya tiyi, kutsikira kukamtsinje kozizira kochokera m'phiri, kukwera chitunda cha mabulugama, kenako n'kutulukira pamsewu wafumbi. M'mawa inali nthawi ya Chingerezi. Ine ndinkaloza chinthu, iye n'kuchitchula, kenako n'kuchiika m'chiganizo. Dengu, mlatho, mayi wothyola tiyi, galu wa alonda. Akalakwitsa ndinkamukonza monyada, poti kunali koyamba kuti Chingerezi changa chigwire ntchito ina osati kulembera mayeso. Chinkamuvuta kwambiri chinali kalembedwe. Ankadandaula kuti Chipwitikizi n'chaulemu, chimene walemba ndi chimene umawerenga, pamene Chingerezi chimalemba zina n'kunena zina ngati munthu wamiseche.

Pobwerera inali nthawi yake. Ndikangotulutsa kope ankalilanda n'kuliika m'chikwama chake.

"Tseka zimenezo. Undiuze ngati ukuuza mwana."

Ndinkayamba kulakatula zoloweza zanga, iye n'kundiimitsa pakati ndi liwu lake limodzi lija: "Porke?" Ndiko kuti, chifukwa chiyani. Masamba amafuna dzuwa. Porke? Chitsulo chimachita dzimbiri msanga nthawi ya mvula. Porke? Masiku oyamba ndinkakwiya, mpaka tsiku lina ndinamusiya pamlatho n'kuyenda ndekha. Koma ndinazindikira kuti pamene porke wake wandigwetsa ndi pomwepo pamene sindinamvetse, ndipo ndi pomwepo pamene mayeso ankandigwetsanso. Tikasowa yankho tonse awiri, tinkalisunga funsolo mpaka m'mawa kuti tikawapanikize nalo amadamu. Iye ankafotokoza m'ziyankhulo zitatu nthawi imodzi. Chichewa chikamuthera ankalumphira ku Chilomwe, Chilomwe chikamuthera n'kugwira Chipwitikizi, kenako n'kujambula ndi kamtengo pansi. Mpaka lero mawu ena a sayansi amayamba kundifikira m'mutu m'katchulidwe kake.

Amadamu anali ndi homuweki yawo ya Lachisanu imene sinkalembedwa. Aliyense ankayenera kusankha chinthu chimodzi chimene taphunzira sabata imeneyo, n'kukachifotokozera munthu wa kunyumba m'chiyankhulo chake. Lolemba tinkabweretsa funso limene munthuyo watifunsa ife n'kulephera kuyankha. Ankati amene wabwera wopanda funso ndiye kuti sanafotokoze.

Loweruka lina ndinawapeza amayi pakhonde akusenda nandolo. Kunali chiperoni, phiri lonse litakwiririka, kamvula kakuwaza mosalekeza. Ndinakhala pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza.

"Amayi, mukudziwa chifukwa chake mitambo imakonda phiri lathuli?"

"Ndi kwawo. Ifunenso kuti?"

Ndinawafotokozera kuti mphepo yochokera kunyanja yaikulu ya ku Mozambiki imabwera itasenza chinyezi, ikagunda phiri imakwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka timadontho. Ndinayesa kuponyamo Chilomwe changa chochepa, ndikuti epula ponena mvula, nsuwa ponena dzuwa. Amayi anaseka katchulidwe kanga mpaka nandolo kutayika, nandibwerezetsa kangapo. Kenako anapitiriza kusenda.

"Tsono iwe," anatero, "wati ikakwera imazizira. Kumwambako si ndiye kufupi ndi dzuwa? Ine ndikayandikira moto ndimamva kutentha. Nanga bwanji anthu okadula mitengo kuphiri amabwerako akunjenjemera?"

Funso limenelo ndinalisungira Lolemba.

Lolemba amadamu atamva funsolo anaomba m'manja. Anasiya zimene anakonza tsikulo, natitulutsa panja tonse. Pansi pa mtengo wa mango panali njinga ya aphunzitsi a Chichewa. Amadamu anagwada, namasula vavu ya tayala lakumbuyo, natiuza kuti aliyense aike chala pa mpweya umene unkatuluka. Unali wozizira. Anatifotokozera kuti mpweya wopanikizika ukapeza malo n'kutambasuka umazizira, ndipo kumwamba kwa phiri mpweya supanikizika ngati pansi pano. Anawonjezera kuti dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, nthakayo ndiyo imatenthetsa mpweya, ndiye moto umene amayi ankanena uli kunsi kuno, osati kumwamba. Tili mkati momvetsera, eni njinga anatulukira. Anaona tayala lawo lili phwaa, ana makumi angapo atalizungulira. Amadamu anawapepesa mwaulemu wonse, anyamata n'kupopa mosinthana, koma aphunzitsiwo kuyambira tsikulo njinga yawo ankaiimika mu ofesi.

Madzulo ndinakawabwezera amayi yankho lawo, ndipo ndinachita kubwereka njinga ya abambo kuti nawonso aike chala. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Kaya, zanu za kusukulu." Koma m'mawa mwake ndinawamva kumpopi akuuza amayi anzawo kuti funso lawo linaimitsa sukulu yonse.

Chakumapeto kwa chaka amadamu anakabwereka maikulosikopu kusekondale ina yogonera komweko. Anabwera nayo pa kabaza, ataikulunga m'chitenje n'kuifungatira ngati khanda. Anatituma ife awiri kuti tibweretse madzi a pa kamtsinje kathu kaja, a m'mbali momwe madzi amaima pali ndere. Anadontheza dontho limodzi pa kagalasi, natembenuzira kalilole ku dzuwa la pawindo, ife n'kufola pamzere. Ine nditaika diso ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Kenako amadamu anapotoza pang'ono, ndipo mwadzidzidzi munali tinthu tamoyo, tina tozungulira ngati mapira, tina tosongoka, tikuthamanga uku ndi uku ngati anthu pamsika wa Milonde. Ndinalumpha. Mnzanga itafika nthawi yake sanafune kuchokapo. A pambuyo pake anayamba kudandaula, iye osamva. Atadzutsa mutu anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa, osasamala za chigoba: "Ndiye kuti masiku onsewa takhala tikumwa anthu?" Kuyambira tsikulo sanamwenso pamtsinjepo, ndipo kunyumba anakangana ndi akazi a amalume ake pa nkhani ya nkhuni zowiritsira madzi.

Mayeso a Fomu 2 tinakhoza tonse. Ine sayansi inandiyendera bwino koposa phunziro lina lililonse, zimene abambo anakana kukhulupirira mpaka atakafunsa okha kwa ahedi. Mnzanga Chingerezi anangochidutsa pang'ono, koma anachidutsa. Tsiku limene zotsatira zinatuluka anakhala pansi pamsewu wafumbi uja n'kulira, ine ndikumukoka dzanja kuti anthu asationere.

Tili pakati pa Fomu 3, amalume ake anayamba kudwala msana, moti sankathanso kukhala pa thalakitala. Anasiya ntchito, ndipo nyumba ya kampani inayenera kubwezedwa. Banja lonse linaganiza zobwerera ku Milange. Amadamu anapita okha kumalaini kukapempha kuti mtsikanayo atsale, azikhala kwawo mpaka alembe mayeso a Fomu 4. Amalumewo anavomera, koma anati mawu omaliza ndi a mayi ake. Uthenga unapita, yankho n'kubwera: mayiwo nawonso thanzi linali litawavuta, ndipo ankafuna mwana wawo wamkulu pafupi. Ine ndinawachonderera amayi anga kuti alowererepo. Anandiyankha mofatsa, m'Chichewa, kuti mwana wa mwini sulimbirana ndi amake.

Ndinamuperekeza pa siteji ya Chitakale Loweruka m'mawa. Katundu wa banja anali atatsogola pa lole, iye anatsala kuti akatsanzike kusukulu. Minibasi ya ku Muloza, kumalire, inali ikudzaza, kondakitala akukuwa. Tinaima pambali. Kenako anawongola khosi ngati ali kutsogolo kwa kalasi, nanditsanzika m'Chingerezi, chiganizo chachitali, chonena kuti ndakhala mnzake wabwino ndipo sadzaiwala njira yathu. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Ndinadziwa kuti anachikonzekera.

Ine ndinayankha ndi Chipwitikizi chimene anandiphunzitsa: "Ate logu."

Anaseka misozi ili m'maso. "Iwe, amatero anthu oti aonananso madzulo ano."

"Ndiye ndinene chiyani?"

"Zisiye choncho," anatero, n'kukwera.

Miyezi yotsatira njira ija inatalika. Ndinapitiriza kuwerenga mmene tinkachitira, kope lili m'chikwama, ndikudzifotokozera ndekha mokweza ndi kudzifunsa ndekha chifukwa chake. Amayi othyola tiyi ankaweramuka n'kumandiyang'ana, ndipo wina anakawauza amayi anga kuti mwana wawo sukulu yamuzunguza mutu. Ndinakhoza Fomu 4, ndinapita kukoleji, ndipo lero ndimagwira ntchito yoyeza magazi m'labotale ya chipatala china mumzinda. Amadamu anawasamutsira kuchigawo chapakati ine ndisanamalize koleji. Sindinawaonenso, ndimangomva kuti anapuma ntchito. Mafoni nthawi imeneyo anali a anthu owerengeka, ndipo za mnzanga sindinamve kanthu kwa zaka zambiri.

Chaka chathachi azakhali anga anamwalira kumudzi wina pafupi ndi Muloza. Pamaliropo ndinacheza ndi msuweni wanga amene amasintha ndalama pachipata cha malire, munthu wodziwa aliyense mbali zonse ziwiri. Ndinamufotokozera za mtsikana wamtali uja ndi amalume ake a thalakitala, ndisakuyembekezera kanthu. Anaganiza pang'ono, nati akuwadziwa ana a bamboyo. Tisanachoke pamaliro anali atandipezera nambala.

Ndinamuimbira mnzanga uja, ndipo tinakumana pa Muloza mawa lake masana, pa kalesitilanti kena koyang'ana kumsewu. Kunkagwa mvula. Ndinaona mayi wonenepa, wovala magalasi, akutsika pa njinga yamoto atafunda ambulera yobiriwira, ndipo sindinamuzindikire mpaka ataseka. Tinakumbatirana pakhomo pomwepo, anthu akutipempha kuti tiwapatse njira.

Anandiuza kuti atabwerera anakhala chaka chathunthu osapita kusukulu, akudwazika mayi ake mpaka anachira. Kenako anayambiranso m'Chipwitikizi, ali wamkulu kuposa onse m'kalasi kachiwirinso. Anachita maphunziro a unamwino, ndipo tsopano ndi mzamba pa kachipatala kena ka kumudzi, mkati ndithu mwa Mozambiki. Ali ndi ana atatu, mwamuna wake ndi kalipentala. Amalume aja anamwalira kalekale. Anafunsa za amayi anga, za abambo, za azichimwene anga mmodzimmodzi. Nditamuuza kuti abambo anatisiya, anagwira dzanja langa. Tinaitanitsa tchipisi ndi nkhuku, koma chakudyacho chinazizira tikuyankhula.

Tisanathe n'komwe, foni yake inalira. Anamvetsera, nayankha mwachidule m'Chipwitikizi, nkhope itasintha. Anati mnzake wa pantchito ali yekha ndipo kwabwera mayi woyembekezera mapasa amene zinthu sizikumuyendera bwino. Anaimirira, nandipsompsona masaya onse awiri monga amachitira kwawoko, n'kundilamula kuti Khirisimasi ikubwerayi ndikaone ana ake. Anathamangira panja akukodola wa njinga yamoto. Ndinaima pakhomo n'kumuona akulowera kuchipata, atagwira chikwama pamutu.

Nditabwerera patebulo ndinapeza ambulera yake ili pampando. Madzulo ake ananditumizira uthenga kuti mapasa aja abadwa bwino, onse aakazi, ndipo ambulerayo ndidzabwere nayo ndekha.